Makala Onyowa a Fulugensiyo

Sendezani kuno inu mwakhala pakhomopo, misana yanu ikuluikuluyo ikutibisira anzathu. Nkhani iyi ndi ya a Fulugensiyo Namakhwa, a ku mishoni ya Nambilira, kunsi kwa phiri kumene mvula imagwa osaodira. Kumeneko, abale anga, malaya ukachapa Lolemba umawavala Lolemba linalo akadadontha. Mchere umasungunukira m'botolo. Machesi umagona nawo m'khwapa ngati khanda lobadwa masiku osakwana. Ukaima pamalo amodzi kucheza nthawi yaitali, anzako amakuzula bowa kumsana.

A Fulugensiyo anali munthu wa ntchito zonse pamishonipo: kutchetcha, kuliza belu, kukhoma malata, kupirikitsa mbuzi za akhristu m'maluwa a asisitere. Kwawo kunali ku Khwaliwa, kutsidya kwa mtsinje. Ndati kunali, chifukwa lero kulibeko. Napolo atatsika m'phirimo anakokolola mudzi wonse, nyumba, nkhokwe, katchalitchi, n'kusiyapo miyala yaikulu ngati njovu zogona. Tsiku limenelo iwo anagona kumishoni poti mtsinje unali utadzaza. Mkazi wawo, Verediyana, anali kunyumba. Thupi lake silinapezeke. M'manda anaikamo thunthu la nthochi lokulungidwa m'chitenje chobwereka.

Kalikonse ka Verediyana kanapita ndi matope, ngakhale supuni. Ndiye chimene chinkawadya a Fulugensiyo ndi ichi: nkhope ya mkazi wawo inayamba kuwathawa. Akatsinzina ankaona duku, ankaona ndolo, ankaona khosi lija lalitali, koma pakati pake panali ngati chifunga. Mwana wawo Teleza, wokwatiwa ku Limbe, anali woyembekezera, ndipo pafoni ankangolira kuti, "Ababa, mwana wanga ndidzamuonetsa chiyani akadzafunsa za agogo ake?"

Tsono anthu pofukula pamene panali katchalitchi paja anapeza bokosi lachitsulo. Munali mabuku a nyimbo ndi buku la zithunzi za kwaya ya ku Khwaliwa, kwaya yomwe Verediyana ankaimbamo. Koma bukulo linali litamwa matope, masamba onse atagwirana ngati chigumu. Analitengera kumishoni, kwa Sisitere Sikolasitika, amene ankasamala nyumba yosungiramo mabuku akalekale.

Sisitere ameneyu anali wamfupi ngati mtondo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, ndipo ankalankhulira m'mphunomo, chala chili m'mwamba.

"Bambo Namakhwa, manja kumbuyo! Musalikhudze!"

"Sisitere, ndingosuzumira tsamba limodzi lokha."

"Mukasuzumira musupula nkhope za anthu. Mukaliika padzuwa lipindika. Mukaliwamba pamoto ndiye mwapha. Mukalisiyanso m'chinyontho, chuku chilidya. Liume lokha, pang'onopang'ono, ngati wodwala amene akuyamba kumwa phala."

Analiika patebulo m'kachipinda kam'mbali, kuti lisapatsire chuku mabuku ena, pansi ndi pamwamba atayala mapepala oyamwa madzi. Pakhoma anapachika kawotchi kopanda maola, ka muvi umodzi, koyezera chinyezi cha mumpweya. Sisitere anatenga utoto wofiira wotsala popenta chifanizo cha Mtima Woyera n'kulemba kamzere pagalasi lake.

"Muvi uwu ukadzatsika n'kukhazikika pansi pa kamzere aka, tidzatsegula. Mudzaona akazi anu."

Makina oyamwa chinyezi analipo, oyera bwino, ochokera kunja, koma mapolo a magetsi napolo anali atawanyamula ngati mapesi. Makinawo anangokhala pakona phee, ngati mlendo amene sakumva chinenero. Ndiye Sisitere anabwerera ku nzeru zakale: makala. Makala ouma amayamwa chinyezi. Ntchito ya a Fulugensiyo inali yothira makala m'malichero, kuwayala pansi pa tebulo ndi m'makona, kutseka mazenera ndi kutsekera zisanza kunsi kwa chitseko. M'mawa uliwonse ankachotsa makala adzulo n'kuikamo atsopano.

"Nanga akalewa, Sisitere?"

"Kukanakhala dzuwa tikanayanika. Katayeni kudzala."

Kutaya makala! Abale, mudamuonapo ndani wakuno akutaya makala? Munthu amatola khala limodzi pamsewu n'kuliika m'thumba la buluku la ku tchalitchi. A Fulugensiyo anangoti, "Chabwino, Sisitere," n'kukhuthulira makalawo m'thumba, ulendo kukanyumba kawo kuseri kwa shedi ya akalipentala. Chokhacho anadabwa nacho n'chakuti thumbalo linkalemera ngati mwaikidwa miyala, komanso linkanunkha matope a kumtsinje.

Madzulo ake anakhala pakhonde kuti aphike nandolo. Makalawo anakana moto. Anauzira, anakupiza ndi chivundikiro, anauziranso mpaka maso kutuluka ngati a nkhanu. Kenaka khala limodzi linagwira, n'kuyamba kulira mmene amalirira makala onyowa: tsiiiiiiii. Linalira, linalira, ndipo kumapeto kwake kunamveka mtsonyo.

A Fulugensiyo anasiya kukupiza. Mtsonyo wa Verediyana unali wodziwika mpaka kumsika. Mayi ameneyo akatsonya, nkhuku inkasiya kuikira, wogulitsa usipa ankawonjezera yekha mulu. Anacheuka kumanzere, anacheuka kumanja. Pabwalo panali galu wa abambo mfumu yekha, naye atatukula khutu limodzi. Tsiku limenelo nandolo anapserera.

Mawa lake, nthawi yomweyo, anakolezanso. Tsiiiiiiii. Ndiye m'kati mwa kulirako munatuluka mawu, apansipansi, ngati munthu akulankhulira kuseri kwa chitseko:

"Bambo a Teleza, mwathiranso mchere kawiri."

Anali atathiradi kawiri.

"Amake Teleza!" anatero akugwada pambali pa mbaula, nkhope ili mu utsi. "Muli kuti? Mwafikira kuti?"

Khala linangopitiriza kulira. Patapita kanthawi: "Sopo mwamusiyanso m'madzi."

Umu ndi mmene zinalili. Mawuwo sankayankha funso. Ankangonena zam'nyumba zomwe zija, zokalipa zija, zimene munthu akakhala moyo umazithawa n'kupita ku bawo. Tsekani chitseko nkhuku zilowa. Nsapato zamatopezo panja. Mukuseka chiyani ngati mwatola ndalama? A Fulugensiyo ankamvera akuseka, misozi ikugwera mu nandolo, mchere n'kukhala wachitatu.

Woyamba kuwapezerera anali mlamu wawo Layimoni, mchimwene wa Verediyana, wakabaza. Layimoni anataya mkazi ndi ana awiri, Kolodina ndi Yusitino, pa napolo yemweyo. Mkaziyo anamupeza n'kumuika, koma anawo ayi. Chichitikireni zimenezo ankanunkha kachasu kuyambira m'mawa, koma pakamwa pokha sipanafe.

"Alamu! Mwayamba kufunsira mbaula? Ee, ndi yotentha ndithu, koma idzakuotchani pofunika!"

"Khala pansi, Layimoni. Tseka pakamwa."

"Akazi amasiye adzaza kumsasa wa opulumuka uko, ena mano onse alimo. Inu mwasankha chitsulo cha miyendo itatu?"

"Ndati khala chete."

Layimoni anakhala pansi akuseka. Khala linalira. Kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono ngati tayala lophwa. Anagwira dzanja la mlamu wake mwamphamvu.

"Mwamva? Akuti, 'Ababa, mundikweze.' Ndi Kolodina ameneyo! Ndikafika ndi njinga amathamanga... Alamu, mwamva?"

A Fulugensiyo sanamve zimenezo. Iwo anamva zoti atseke chitseko. Pamoto umodzi womwewo, aliyense ankamva wake.

Nkhani yotere siigona m'nyumba. Opulumuka a ku Khwaliwa ankakhala m'matenti pabwalo la sukulu, ndipo dzuwa likamapendeka anayamba kubwera m'modzim'modzi, wina ndi kampando, wina ndi chiguduli. Panalibe wolonjera mokweza. Ankazungulira mbaula ngati anthu odikira dokotala. Wina ankaseka yekha, wina ankayankha kuti, "Ndamva, amayi, nditunga," wina ankangogwedeza mutu. Moto ukazilala ankanyamuka osatsanzika.

Koma panali zina zimene a Fulugensiyo sanazikonde. Tsiku lina akuchokera kwa Sisitere, thumba lili paphewa, anakumana ndi bambo ndi mayi panjira ya m'minda ya tiyi. Chifunga chinali chitatsika, sanawaone bwino kumaso. Anangoona kuti matope awafika m'chiuno, pomwe njirayo ndi ya miyala.

"Mwaswera bwanji?" anatero a Fulugensiyo.

Mayiyo anangoloza thumba lija. "Moto uja ndi wa kwanu?"

"Eya, ndi wa kwathu."

Anapatuka kuti adutse, ndipo podutsana nawo tsaya lawo linazizira ngati akhudzidwa ndi tsamba la nthochi lamame. Sanacheuke. Miyendo yokha ndi imene inaganiza zofulumira.

Kuyambira pamenepo anaona kuti pabwalo pawo pamakhala anthu ambiri kuposa amene alowa pampata. Kutsogolo kunkakhala odziwika. Kumbuyo, kumene kuwala kwa mbaula kumathera, kunkakhala mzere wina pabenchi, anthu ozyolika, osatsokomola, osadzikanda, osapha ngakhale udzudzu. Palibe amene ankatembenuka kuwayang'anitsitsa. M'mawa benchi yakumbuyoyo inkapezeka itanyowa, madzi akudontha kumiyendo yake, ngakhale mvula isanagwe. Galu wa abambo mfumu anasiyiratu kudutsa kumeneko. Ankazungulira kutchalitchi, mchira uli pamimba.

Uku m'kachipinda muja ntchito inkayenda. Muvi unayamba kutsika, lero pang'ono, mawa pang'ono. Sisitere Sikolasitika anaombera m'manja n'kuvina kamodzi, kenaka n'kuyang'ana pakhomo ngati wina wamuona.

"Bambo Namakhwa, tatsala pang'ono! Liuma, liuma ndithu!"

A Fulugensiyo anamwetulira ndi mano okha. Iwo anali ataona kale kuti thumba la makala layamba kupepuka. Madzulo makala ankagwira moto msanga, ndipo mawu aja ankamveka kutali, odukaduka, ngati wailesi yotha mabatire. "Bambo a Tele... chitse..." basi.

Anthu atabalalika, Layimoni anatsalira.

"Alamu, chikuchitika n'chiyani? Lero Yusitino sindinamumve n'komwe."

"Chipinda chikuuma. Makala sakupezamo chakumwa."

"Ndiye chinyowetseni!"

"Wapenga? Buku lingaole. Mlongo wako ali m'menemo."

"Mlongo wanga ali apa," anatero Layimoni akuloza mbaula. "Pepala lidzakuuzani kuti mwathira mchere kawiri? Pepala lidzati ababa? Inu zenera mumatseka ndinu. Mungolitsegula pang'ono, kamphepo kalowe, basi. Buku lakhala m'matope nthawi yonse ija osafa, lingafe ndi kamphepo?"

A Fulugensiyo anakana. Mawa lake anakananso. Koma madzulo ena khala linangoti tsii kamodzi n'kukhala chete, ndipo anakhala pakhondepo mpaka phulusa kuzizira, osamva ngakhale mtsonyo. Nyumba inakula. Anamva ngati maliro ayambiranso.

Masana otsatira, asisitere atalowa m'tchalitchi kukapemphera, chiperoni chikutsika m'phiri ngati nkhosa zothawa m'khola, a Fulugensiyo analowa m'kachipinda muja n'kutsegula zenera. Chifunga chinalowa mwaulemu, chinayenda pansi, chinakwera miyendo ya tebulo. Muvi unanjenjemera n'kuyamba kukwera. Belu la kutha kwa mapemphero lisanalire, anatseka, napukuta pazenera ndi malaya.

Ha! Madzulo a mawa lake Verediyana anakalipa ngati wadya tsabola. Anakalipira nsapato, anakalipira sopo, anakalipira ngakhale mbuzi imene anagulitsa kalekale. Layimoni ankagubuduka ndi chimwemwe. Pabwalo panadzaza, ndipo mzere wakumbuyo uja unakhala mizere iwiri.

A Fulugensiyo anatsegulanso zenera tsiku linalo, ndi linalo. Mumtima ankati, mawa ndisiya.

Sisitere anasokonezeka mutu. Anagogoda kawotchi kaja ndi chala, anakapukuta, anakawaza madzi odalitsa. Anati mwina denga likudontha, n'kukwera yekha pamakwerero, mkanjo atamanga m'chiuno, a Fulugensiyo atagwirizira pansi, maso ali kumbali. Denga linali bwinobwino. Potsika anapita patebulo, anachotsa pepala lapamwamba, ndipo anangoti, "Mayo."

M'mbali mwa bukulo, mbali yoyang'ana kuzenera, munali mutamera chuku, chotuwa, chofewa, ngati ubweya wa mbewa.

"Bwerani muone, bambo Namakhwa." Ulendo uno chala sichinali m'mwamba, ndipo mawu sanadzere m'mphuno. "Ichi chimayambira kunja n'kumalowa m'kati. Chimakonda zithunzi kuposa pepala. Ndapukuta chimene ndingathe, koma muvi ukapitiriza kukhala pamwamba apo, tidzatsegula buku la anthu opanda mitu. Ndakulonjezani chinthu chimene mwina sindikupatsani. Mundikhululukire."

Mawu akuti mundikhululukire aja anawalasa a Fulugensiyo kuposa mbama. Ali panjira foni inalira. Anali Teleza.

"Ababa, chithunzi chija chatuluka? Mwanayu akumenyatu kwambiri, ndikuona ngati ndi wamkazi. Apongozi akuti ndikagone kuchipatala mwezi ukatha."

"Chatsala pang'ono, mwanangu."

"Dzulo ndimafuna kukumbukira ngati amayi anali ndi kampata m'mano. Anali nako, eti?"

A Fulugensiyo anaima pakati pa njira. Anafufuza m'mutu monse.

"Netiweki ikuvuta kuno," anatero, n'kudula.

Komabe madzulo anakoleza, poti makala a tsikulo anali kale m'thumba, olemera, akuchita kudontha. Anthu anasonkhana. Utsi unali wambiri, woyera, wosakwera kumwamba. Khala linalira nthawi yaitali osatulutsa mawu. Kenaka Verediyana analankhula, koma sanali kukalipa. Mawu ake anali aang'ono, ngati a tsiku lija anadwala malungo ali ndi pakati.

"Bambo a Teleza, ndazizidwa."

M'moyo wawo wonse wa banja sanawamvepo akudandaula chotero. Awa sanali mawu akale. Anali atsopano.

"Zovala zanga sizikuuma. Zimati ziume, zanyowanso. Zimati ziume, zanyowanso."

A Fulugensiyo anakweza maso. Pabwalo ponse panalibe woseka. Mayi wina anali atatseka makutu ndi manja. Mkulu wina ankangoti, "Pepani, pepani," osadziwika akupepesa ndani. Ndipo kumbuyo kuja, mumdima, munkamveka kaphokoso kamene poyamba ankayesa ziwala: ge-ge-ge-ge-ge. Anali mano. Mano ambiri, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, akugundana.

Layimoni anavula jekete lake pang'onopang'ono, naliyala pansi pambali pa mbaula, n'kulikonzakonza m'mbali monga umachitira pofunditsa ana awiri chofunda chimodzi. Anakhala chomwecho, malaya okha, mpaka moto kuzima.

Kutacha, a Fulugensiyo anatenga hamala ndi misomali ku shedi ya akalipentala. Layimoni anawapeza kuseri kwa kachipinda kaja akukhomerera zenera.

"Alamu, mukutani?"

"Ukuona."

"Musatero. Chonde. Lero lokha. Yusitino anali atayamba kundiuza za mpira wake uja."

Kho! Kho! Kho!

"Alamu, inu muli ndi Teleza. Mudzanyamula mdzukulu. Ine ndatsala ndi chiyani? Njinga? Mawu okhawo ndi amene ndili nawo!"

"Unamva zimene ana ako ananena dzulo."

"Sindinamve kanthu ine!"

"Nanga jekete lija unafunditsa ndani?"

Layimoni anagwira hamala, ndipo analimbirana ngati ana olimbirana chimanga chootcha, amuna aakuluakulu a imvi m'ndevu, akuterereka m'matope. Kenaka Layimoni anangosiya, nakhala pansi potsamira khoma, n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene sanalire tsiku loika thunthu la nthochi. A Fulugensiyo anamaliza msomali wotsiriza, n'kukhala naye pansi pomwepo.

Sisitere anatulukira pangodya. Anayang'ana misomali, anayang'ana amuna awiriwo, anakankhira magalasi m'mwamba. Anangoti, "Makala atsopano ali pakhonde, bambo Namakhwa. Lero tiwonjezere malichero."

Muvi unayambanso kutsika. Madzulo aliwonse anthu ankabwerabe, koma mawu ankapita kutali, ndipo mano aja anasiya kugundana. Mizere yakumbuyo inayamba kuchepa, lero pachoka awiri, mawa atatu, osaoneka pochoka. Verediyana anabwerera ku zokalipa zake, mwaulesi, ngati munthu amene tulo tayamba kumugwira. Mawu omaliza amene a Fulugensiyo anamva, khutu atalitsamiritsa mpaka tsitsi kuwauka, anali akuti, "Muzimitse moto pogona."

Tsiku lotsatira makala anagwira ndi kamtengo kamodzi ka machesi. Anayaka bwino, ofiira, opanda utsi, opanda mawu. Anthu anakhala pang'ono, kenaka ananyamula mipando yawo. M'mawa benchi ija inali youma, galu atagona pansi pake.

Muvi utakhazikika pansi pa kamzere kofiira, Sisitere anawaitana. Layimoni naye anabwera, atasamba, osanunkha kanthu. Sisitere anavala magolovesi oyera n'kutenga kampeni kopyapyala kopanda mano. Ankalowetsa pakati pa masamba pang'onopang'ono, akupuma ngati akuchotsa munga m'diso la mwana. Tsamba loyamba linatseguka: guwa la katchalitchi kaja, maluwa a pulasitiki. Lachiwiri: abambo mfumu akudalitsa ng'oma. A Fulugensiyo anasendera pafupi.

Kenaka linatseguka tsamba lalikulu, kwaya yonse ya ku Khwaliwa itaima pabwalo, dzuwa likuwala, yunifolomu yobiriwira. Kutsogolo, pansi, kunakhala ana a oimbawo.

Layimoni anakuwa. "Awo! Awo! Kolodina uyo watulutsa lilime! Mwana wopanda mwambo, pachithunzi cha tchalitchi! Uyo Yusitino, kabudula wang'ambika, ndinamuuza mayi ake asoke..." Ankaseka, akulira, manja atawabisa kumbuyo kuti angakhudze.

A Fulugensiyo anayendetsa maso pamzere wa amayi. Ankawadziwa onse, wina ndi wina, mpaka kumapeto. Verediyana ankaima kumapeto nthawi zonse, poti anali wamtali. Kumapetoko ndiye kunali mbali yoyang'ana kuzenera.

Anali pomwepo. Mapazi ake aatali m'nsapato zapulasitiki. Siketi yobiriwira. Manja ali m'mwamba pang'ono, atatsala pang'ono kuomba. Kuyambira m'mapewa kupita kumwamba panali banga lotuwa, lozungulira, pepala lokhalokha.

Layimoni anasiya kuseka. Anayang'ana pabangapo, anayang'ana mlamu wake.

"Palibe mankhwala ake, Sisitere?" anafunsa Layimoni chapansipansi.

Sisitere anapukusa mutu. "Chikadya, chadya."

A Fulugensiyo anawerama, nayang'anitsitsa nthawi yaitali. M'thumba mwawo foni inayamba kulira. Aliyense anadziwa woimbayo. Inalira mpaka kuleka, n'kuyambiranso.

"Sisitere," anatero osadzutsa mutu, "ndingakhudze tsopano?"

"Khudzani. M'mbali."

Anapukuta chala pabuluku, nachiika pa siketi yobiriwira ija mopepuka. Anachisiya pomwepo, ngati mayi woyesa chovala pachingwe.

"Wauma?"

"Wauma, bambo Namakhwa. Waumiratu."

Anagwedeza mutu kangapo. Kenaka anatulutsa foni, natuluka nayo panja, ndipo ali pakhonde anamveka akuti, "Teleza, mwanangu, khala pansi kaye."